Mnyamata amene ndinamufufuta pa mndandanda

Pali pepala lina limene ndalephera kulitaya. Ndi chikalata cha chilolezo, chija mwana amapita nacho kunyumba kuti makolo akasayine asanakwere ndege. Chinapindidwa kanayi, m'mphepete chinada ndi thukuta la m'thumba, ndipo dzina la mayi ake linalembedwa pang'onopang'ono, chilembo chilichonse pachokha. Mwini wake ndinali nditamufufuta kale pa mndandanda wa okwera. Iye ankadziwa bwino lomwe, chifukwa ndinachita zimenezo iye akuona. Koma tsiku louluka litafika, anabwera nacho m'thumba.

Ndakhala ndikuthandiza gulu la makadeti, achinyamata ophunzira za ndege ndi mwambo wa perete, kwa zaka zingapo, mongodzipereka. Sindine woyendetsa ndege. Ntchito yanga ndi ya pansi: perete, yunifolomu, mapepala, ndi mndandanda wa amene akwere tsiku limene tapeza mwayi wa ndege. Mndandandawo ndi umene nkhani ino ikunena.

Mmene ndinkasankhira

Malo amakhala ochepa nthawi zonse. Ndege imene timagwiritsa ntchito ndi Cessna 172, ya mipando 4. Mpando umodzi ndi wa woyendetsa, wina ndi wa munthu wamkulu woperekeza, ndiye otsala ndi awiri: kadeti mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo kudikira nthawi yake. Ulendo uliwonse ndi wa mphindi 25 kapena kuposera pang'ono. Mukawonjezera nthawi yosinthana, yothira mafuta ndi yodikira nyengo, m'mawa umodzi mumakwera ana 8 mwa ana opitirira 30. Enawo amayang'ana ali pansi.

Ine ndinasandutsa malo amenewo kukhala mphoto. Nsapato zowala, kubwera mosajomba, kuima njo pa perete osagwedeza ngakhale diso, zimenezo ndi zimene zinkagula mpando. Ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndikuchita chilungamo. Wolimbikira adye thukuta lake, ndinkatero.

Mnyamata uyu anali wa zaka 14. Sanali wamwano wotukwana ayi. Vuto lake linali la maso ndi pakamwa. Maso ake sankakhazikika. Ukati onse ayang'ane kutsogolo, ake ali pa mbalame, pa mtambo, pa galimoto yodutsa kutali. Ndipo lamulo lililonse ankaliyankha ndi funso. Chifukwa chiyani tiyambe ndi mwendo wamanzere? Chifukwa chiyani chipewa chipendekere uku? Kutatsala milungu itatu kuti tiuluke, ndinamupeza akuyang'ananso kumwamba pakati pa perete. Nditamukalipira anati, "Koma bwana, ndikumva zonse zimene mukunena." Anzake anaseka. Ndinatulutsa cholembera pomwepo, n'kudula mzere pa dzina lake.

Sanalire, sanapemphe. Anangofunsa ngati angabwerebe kudzathandiza kunyamula katundu. Ndinamulola chifukwa manja ankafunika.

Chimfine cha mnzake

Woyendetsa ndege wa tsikulo anali bambo achikulire, aimvi, olankhula motsitsa moti umachita kusendera pafupi kuti umve. Ana atafola, iwo sanayang'ane nsapato za wina aliyense. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Ndani ali ndi chimfine?"

Panali zii. Kenako mtsikana wina, mmodzi mwa makadeti anga odalirika kwambiri, anakweza dzanja pang'ono. Mphuno zinali zitatsekeka kuyambira dzulo lake. Bambowo anagwada kuti nkhope zawo zifanane, n'kumufotokozera. Pali kanjira kakang'ono kochokera m'kati mwa khutu kupita kukhosi, kamene kamalola mpweya kulowa ndi kutuluka. Ndege ikamakwera, mpweya wa kunja umapepuka ndipo wa m'khutu umatuluka mosavuta. Vuto limabwera potsika. Mpweya wa kunja umayamba kukankha, ndipo ngati kanjira kaja katupa ndi chimfine, wolowa m'kati palibe. Ululu wake ndi woopsa, ndipo nthawi zina khutu limavulala ndithu. "Ndege sithawa, mwana wanga," anatero. "Makutu ako ndi awiri okha."

Mtsikanayo analira, ndipo mtima unandiwawa chifukwa mpandowo anaugwirira ntchito. Koma malo a ulendo womaliza anali atatseguka. Bambowo anatembenukira kwa ana otsala n'kufunsa ngati pali amene ali ndi chilolezo cha makolo. Amene sanali pa mndandanda sanavutike n'kubweretsa mapepala. Ndani anyamula chikalata cha ulendo umene sapita?

Mnyamata uja anaika pansi bokosi limene ananyamula, anapisa dzanja m'thumba la malaya, n'kutulutsa pepala lopindapinda. Sanayang'ane bambowo. Anayang'ana ine.

Mawu anali atafika kale pakamwa. Ndinkafuna kunena kuti ameneyu ali pa chilango, kuti tikamulola ndiye kuti mawu anga alibe ntchito. Ndinachedwa ndi mphindi yochepa chabe. Bambowo anali atalandira kale pepala, analiwerenga, n'kufunsa mnyamatayo kulemera kwake. Mu ndege yaing'ono makilogalamu a munthu aliyense amawerengedwa, ndi pamene wakhala, chifukwa ndege yonse pamodzi ndi anthu ndi mafuta siyenera kupitirira tani imodzi ndi pang'ono. Analemba nambala ija pa kapepala kawo n'kunena kuti, "Ukhala kutsogolo ndi ine." Ine ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko sikunali kukoma mtima. Ndinangochita manyazi kutsutsana ndi munthu wamkulu pamaso pa ana.

Munthu woyankha mafunso

Ulendo uliwonse usanayambe, bambowo ankazungulira ndege ndi kadeti wa kutsogolo. Ana ena ankangotsatira mwaulemu n'kumagwedeza mutu. Uyu anayamba mafunso ake aja, ndipo ine ndinakonzeka kumuletsa.

Bambowo anatenga kabotolo koonekera m'kati, n'kutsitsira mafuta pang'ono kuchokera pansi pa phiko. Anali obiriwira ngati thambo. Chifukwa chiyani? Amawathira utoto dala, kuti munthu adziwe ndi maso kuti ndi mafuta a ndege ya mtundu umenewu, osati ena. Nanga mukuyang'anamo chiyani? Madzi. Madzi amalemera kuposa mafuta, ndiye amakhala pansi ngati kadontho koyera, ndipo injini ikawayamwa m'mwamba imatha kuzima. Chifukwa chiyani mukugwedeza chimenechi cha pa phiko? Kuti ndione ngati mahinji ali olimba, chifukwa ndi chimene chimapendeketsa ndege. Nanga kachitoliro aka? Kamalandira mphepo ya kutsogolo n'kutiuza liwiro, ndipo kachilombo kakamangamo nyumba, geji imanama.

Funso lililonse linkalandira yankho lathunthu. Panalibe "usavute", panalibe "udzaziona m'tsogolo". Ndinaona mapewa a mnyamatayo akutsika pang'onopang'ono, ngati munthu amene anabwera atakonzekera ndewu n'kupeza kuti womenyana naye palibe.

Tisanalowe, bambowo anatiimitsa tonse atatu pansi pa phiko n'kutipatsa malamulo awiri, lililonse ndi chifukwa chake. Loyamba linali la chiwongolero. Ndege imeneyi ili ndi ziwongolero ziwiri zolumikizana, ndipo choopsa kwambiri ndi anthu awiri kulimbirana, kapena aliyense kuganiza kuti mnzake ndiye wagwira pamene palibe wagwira. N'chifukwa chake pali mawu osasintha, amene amanenedwa m'Chingerezi. Wopereka amati "You have control", kutanthauza kuti ndege ili m'manja mwako, wolandira amayankha "I have control", kutanthauza kuti ndatenga. "Ndikadzanena kuti ndatenga," anatero, "usiye nthawi yomweyo, manja pamiyendo. Mafunso udzafunsa pambuyo, ndipo ndidzayankha onse."

Lachiwiri linali la maso. Anati pouluka masana kunja kukuoneka, chotiteteza choyamba kuti tisawombane ndi ndege ina ndi maso a anthu a m'katimo, ndipo mutu umodzi susenza denga. Anatiphunzitsa kunena mbali ngati mawotchi: kutsogolo ndi 12 koloko, kumanja ndi 3 koloko, kumanzere ndi 9 koloko, kenako unene ngati chili pamwamba kapena pansi. "Ukaona kanthu, nena. Ngakhale ndili pakati polankhula, ndidule mawu. Ukalakwitsa palibe mlandu."

Ndinaona mnyamatayo akubwereza chamumtima, milomo ikugwedera.

Kuchoka pansi

Amene sanakwerepo ndege yaing'ono amadabwa ndi kuchepa kwake. M'kati mwake ndi motambalala pafupifupi mita imodzi, mapewa amagundana. Zitseko ndi zopyapyala. Injini ikalira, thupi lonse la ndege limanjenjemera, ndipo popanda mahedifoni simungamvane. Pansi imakhotetsedwa ndi mapazi, osati ndi manja, ndipo kadeti aliyense amayesa kupotoza chiwongolero ngati cha galimoto n'kudabwa kuti palibe chikuchitika.

Tinaima kumapeto kwa msewu wa ndege. Bambowo anakweza injini n'kutembenuza kiyi uku ndi uku, phokoso likutsika pang'ono nthawi iliyonse. Mnyamatayo anatsegula pakamwa, koma asanafunse yankho linabwera m'mahedifoni: injini ili ndi njira ziwiri zoyatsira moto, zosadalirana, ndipo akuyesa iliyonse payokha.

Kenako anakankha mafuta onse. Msana unamatirira ku mpando, udzu wa m'mbali unasanduka mizere, ndipo pa liwiro la pafupifupi makilomita 100 pa ola mphuno inadzuka. Kugwedera kwa matayala kunangoti zii. Ndakwerapo maulendo ambiri kumbuyo kuja, koma kamphindi kameneko kamandigwirabe pamtima. Mthunzi wa ndege unachoka pansi pathu n'kuyamba kuthamanga paokha m'minda.

Unali ulendo womaliza, cha m'ma 11 koloko, ndipo dzuwa linali litatenthetsa nthaka. Ndi chifukwa chake maulendo a ana amawakonda m'mawa kwambiri. Nthaka ikatentha, mpweya umakwera m'mizati yosaoneka, ndipo ndege yaing'ono ikadutsamo imadumpha ngati yaponda bampu. Timitambo toyera tinali titayamba kumera pamwamba pa mizatiyo. Kadeti amene ndinakhala naye kumbuyo anayamba kujambula ndi foni, maso pa galasi la foniyo, ndipo pasanathe mphindi 5 nkhope inali itasintha. Ndinamulanda foni, n'kumutsegulira kabowo ka mpweya, n'kumuuza kuti ayang'ane kutali, pamene dziko lakumana ndi thambo. Nseru ya m'ndege imabwera maso ndi m'kati mwa khutu zikamauza ubongo zinthu zosiyana, ndipo mzere wa kutali uja umazigwirizanitsa. Anapeza bwino.

Zala ziwiri

Pa mafiti 3,000, amene ndi mamita pafupifupi 900, bambowo anawongola ndege, anachepetsa injini, n'kupukusa kagudumu kena kamene kali pakati pa mipando. Kenako anakweza manja onse awiri m'mwamba. Ndege inapitiriza ulendo wake ili phee. "Waona? Inapangidwa kuti iziuluka. Kagudumu aka ndakakonza kuti isafune kukwera kapena kutsika. Iwe ntchito yako ndi kuiuza kopita basi. You have control."

Mawu a mnyamatayo anatuluka owuma. "I have control."

Ndinali kumbuyo kwake chakumanzere, ndipo ndinkaona manja ake bwino. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, mwamphamvu moti mitsempha inatuluka. Mphuno inadzuka. Anakankha. Mphuno inagwa, mimba zathu zinakwera kukhosi. Anakoka. Tinayamba kuyenda ngati bwato pa mafunde, ndipo funde lililonse linkaposa linzake. Maso ake anali atamatirira pa geji yoonetsa kutalika, akuthamangitsa muvi umene nthawi zonse umanena zimene zachitika kale.

Ine ndinali nditagwira kale mpando wa kutsogolo. Mumtima ndinkati, mulandeni bambo, ndinadziwa ine. Bambowo manja anali pamiyendo.

"Chotsa dzanja limodzi," anatero, mawu omwe aja otsika. "Eya. Tsopano linalo, gwira ndi zala ziwiri ndi chala chachikulu, ngati wagwira cholembera. Usayang'ane mageji, amenewo ndi anga lero. Yang'ana kunja. Ukuuona mzere wa kutali uwo? Uike pamwamba pa mphuno ya ndege, mpata wa zala zinayi. Ukachepa mpatawo, kankha pang'ono. Ukakula, koka pang'ono. Pang'ono penipeni, ngati ukungoganiza."

Sizinatheke nthawi yomweyo. Funde lina linabwera, laling'ono. Kenako lina, laling'ono koposa. Kenako ndinazindikira kuti ndasiya kugwira mpando. Bampu ya mpweya inatikweza phiko lakumanja, ndipo ndinaona zala zake zikudikira kaye, kenako n'kulibweza mofatsa. Palibe anamuuza kuti adikire. Anazimva yekha.

Anamuuza kuti akhote kumanzere. Asanakhote, ayang'ane kaye mbali imeneyo, chifukwa phiko la ndege imeneyi lili pamwamba ndipo likapendekeka limaphimba kumene ukulowera. Mnyamatayo anayang'ana, anapendeketsa ndege, ndipo mphuno inayamba kutsika. "Chifukwa chiyani ikugwa?" Bambowo anayankha ali m'kati mokhota momwemo: mphamvu ya mapiko imene inkatinyamula molunjika m'mwamba tsopano yapendekeka, ina ikutikokera m'mbali, ndiye uyenera kubwezera yotayikayo pokoka pang'ono. Anakoka. Mphuno inabwerera pa mzere n'kuyamba kusesa dziko mozungulira, mosalala, minda ndi mitsinje zikudutsa pansi pa zenera langa.

M'mahedifoni ndinamva kupuma kwake kukusintha. Kenako kaphokoso kena kamene sindinakamvepo kwa iye m'zaka ziwiri. Ankaseka, motsitsa, yekhayekha.

2 koloko, pamwamba

Tinali titawongoka, tikubwerera. Bambowo anali pakati pofotokoza za kampasi, chala chili pa geji. Ine ndinkayang'ana kadeti wanga wa nseru uja.

"Bambo, 2 koloko, pamwamba pang'ono. Pali kanthu koyera."

Anawadula mawu pakati, monga anauzidwira. Ndinayang'ana kumene ananena ndipo sindinaone kanthu, thambo ndi mitambo basi. Bambowo anayang'ana kwa masekondi awiri kapena atatu.

"Ndaiona. I have control."

"You have control." Manja anali kale pamiyendo mawuwo asanathe.

Tinapendekeka kumanzere n'kutsika pang'ono. Ndipo pamenepo ndinaiona, itatembenuka n'kuwala ndi dzuwa: glider, ndege ija yopanda injini, ya mapiko aatali opyapyala, ikuzungulira pansi pa mtambo kufunafuna mpweya wokwera. Inadutsa kumanja kwathu, patali ndithu, ili chete ngati chinthu cha m'maloto.

Sindikufuna kukokomeza. Sitinatsale pang'ono kufa, ndipo mwina bambowo akanaiona okha pakapita masekondi angapo. Koma iwo eni sanaichepetse nkhaniyo. Anafotokoza kuti glider ndi imodzi mwa zinthu zovuta kwambiri kuziona m'mwamba, chifukwa ndi yoyera, yopyapyala, ndipo ikakuloza imangokhala ngati kamzere. Malamulo a m'mlengalenga amati ndege ya injini ndiyo ipatuke. Pa liwiro lathu tinkadya makilomita 3 pa mphindi iliyonse, ndiye kanthu kooneka kutali sikachedwa kufika. Ndipo anawonjezera chinthu chimene sindinachiiwale: ndege imene mukupita kukawombana nayo siyenda pa zenera. Imakhala malo amodzi ngati kachitsotso ka pagalasi, n'kumakula mwakachetechete. Diso la munthu limagwira msanga zoyenda, zoima limazidumpha. N'chifukwa chake oyendetsa ndege amaphunzitsidwa kusayang'ana malo amodzi. Amayendetsa maso pang'onopang'ono, kuima kamphindi, kusuntha, kuimanso, thambo lonse chigawo ndi chigawo.

"Anthu ambiri ndimachita kuwaphunzitsa zimenezi kwa miyezi," anatero. "Iwe maso ako amayenda kale. Uwasunge choncho. You have control."

Ndinakhala kumbuyo kuja, lamba atandimanga, ndikuyang'ana kumbuyo kwa mutu wa mwana amene ndinamudula dzina chifukwa cha maso omwewo. Nkhope inanditentha. Palibe anandiyang'ana, palibe ananena kanthu kwa ine, ndipo bambowo sankadziwa n'komwe za perete uja.

Pansi

Potera bambowo anatenga ndege n'kupempha kuti tonse tikhale chete, chifukwa nthawi imeneyo makutu awo amafunika ku wayilesi. Mnyamatayo sanatulutse liwu. Injini inatsika, msewu unakula pa galasi, kabelu kochenjeza kanalira pang'ono matayala atatsala pang'ono kugunda, monga anatiuzira kuti kadzatero, ndipo tinali pansi.

Injini itazima ndi pulopela itaima, mafunso amene anawasunga anatuluka onse, ndipo bambowo anakhala pa tayala n'kuyankha limodzi limodzi mpaka anatha.

Madzulo, tikulongedza, ndinamupeza yekha akupinda matebulo. Ndinamufunsa chimene chinkandivuta. "Iwe, bambo aja atanena kuti atenga, unasiya nthawi yomweyo. Ine ndikakuuza chinthu umayamba wafunsa. Kusiyana kwake n'chiyani?"

Anaganiza kaye, osati mwamantha, koma ngati akufuna kuyankha zoona. "Iwo aja anandiuziratu chifukwa chake, bwana. Tisanakwere. Ndiye nthawi itafika panalibenso chofunsa."

Ndinamuuza kuti ndinalakwa kumufufuta. Anangoti, "Zikomo bwana," n'kupitiriza kupinda tebulo. Chikalata chake chinatsala mu faelo yanga, ndipo faeloyo itatha ntchito ndinachichotsamo.

Mkangano umene sunathe

Pa msonkhano wotsatira ndinapempha kuti mndandanda usinthe. Oyamba akhale amene sanakwerepo, kuyambira amene akhalitsa m'gulu, osayang'ana nsapato. Anzanga ena sanagwirizane nazo, ndipo mfundo zawo sizinali zopanda pake. Wina anati kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo ana akaona kuti wosamvera akukwera chimodzimodzi ndi womvera, perete adzagwa. Wina anati ndege si malo oyeserapo mwana amene sumudalira.

Mfundo yachiwiriyi ndimaivomereza mbali imodzi. Mwana amene sakumvetsera malangizo a chitetezo, amene akuthamanga pafupi ndi pulopela, ameneyo asakwere, ndipo woyendetsa ndege ndiye ali ndi mawu omaliza. Koma ine sindinkayeza zimenezo. Ndinkayeza polishi ndi kuima njo, n'kumaganiza kuti zikundiuza za mwana amene angadalirike m'mwamba. Tsiku lija zinandiuza zabodza.

Za mfundo yoyamba, ndinawakumbutsa kumene zinthu izi zinachokera. Ku Britain, gulu la Air Training Corps linakhazikitsidwa mu 1941, ndipo mpaka lero makadeti ake amakwezedwa mu tindege ta mipando iwiri ta Grob Tutor n'kupatsidwa chiwongolero. Ku America, Civil Air Patrol, imene inayambanso mu 1941, ili ndi maulendo otere monga gawo la maphunziro a kadeti. Pologalamu ya Young Eagles, imene inayamba mu 1992, yakweza ana opitirira 2 miliyoni a zaka 8 mpaka 17, oyendetsa ndege akudzipereka okha. Anthu amenewa amaika mwana mu ndege kumayambiriro, kuti aone chimene akuvutikira. Amelia Earhart anakwera koyamba mu December 1920 ku California, ulendo wa mphindi 10 zokha, ndipo mwezi wotsatira anali atayamba kuphunzira kuyendetsa. Mu 1932 anawoloka nyanja ya Atlantic yekha. Ulendo wa mphindi 10 uja unabwera iye asanasonyeze aliyense kanthu.

Komabe sindikonda kutsamira kwambiri pa mayina akuluakulu, chifukwa ana athu ambiri sadzakhala oyendetsa ndege, ndipo zimenezo sizichepetsa kanthu. Chimene ndinaona ine n'chaching'ono kuposa pamenepo. Munthu wamkulu anapereka chinthu chenicheni, cholemera tani, chokhala ndi miyoyo inayi m'kati, m'manja mwa mwana wa zaka 14. Mwanayo atayamba kulakwitsa, sanamulande. Anamuuza chochita n'kudikira. Ana ambiri amakula mpaka kumaliza sukulu osakumanapo ndi zimenezo, ndipo amene amazisowa kwambiri ndi omwe aja mayina awo amadulidwa msanga.

Tinagwirizana pakati. Malo 6 amapita kwa amene sanakwerepo, awiri amatsala ngati mphoto. Ine ndikanakonda onse 8, ndipo chaka chilichonse ndimayambitsanso nkhaniyo. Mtsikana wa chimfine uja anakwera ulendo wotsatira, woyamba pa mndandanda. Perete sanagwe. Chimene chinasintha pa perete ndi ine: lamulo latsopano lililonse ndimayamba ndafotokoza chifukwa chake, kamodzi, momveka. Malamulo awiri kapena atatu ndinapeza kuti chifukwa chake sindikuchidziwa, ndipo ndinachita kukafunsa.

Mnyamata uja sanasanduke mngelo. Nsapato zake zinapitiriza kukhala zotuwa, ndipo tinakanganapo kangapo. Anakhala nafe zaka zina ziwiri, ndipo masiku ouluka ndi iye amene ankaphunzitsa ana atsopano za mawotchi aja, atawaimika pabwalo, akuloza mbalame n'kumafunsa kuti ili pa koloko yanji.

Mizere ina

Mwezi watha ndinkasanthula kabati ndipo ndinapeza mindandanda yakale, ya zaka zimene tsiku lija lisanafike. Ndinakhala pansi n'kuiwerenga yonse. Pali mayina 7 odulidwa ndi cholembera changa. Ena ndalemba chifukwa pambali: wajomba kawiri, tsitsi, waseka pa perete. Mmodzi ndikukumbukira kuti ankajomba chifukwa cholera azibale ake aang'ono, ndipo ndinkadziwa.

Onse 7 anapitirira kale msinkhu wa ukadeti. Atatu anasiya gulu pasanathe miyezi iwiri chidulireni dzina. Palibe mnzawo amene anadwala chimfine tsiku lawo. Ndayamba kuwafufuza mmodzimmodzi kudzera mwa anzawo akale, ndipo awiri ndawapeza. Bambo aja anati mpando ulipo Loweruka lililonse limene nyengo yalola, bola munthu anene kulemera kwake. Woyamba wayankha dzulo usiku. Wafunsa ngati pakufunikabe chikalata cha makolo, popeza tsopano ali ndi zaka 22.